Tsiku Limene Ndinaimwetsa Mchere

"Mwaimwetsa mchere! Akamwini, galimoto yanga mwaimwetsa mchere!"

Anakuwa choncho apongozi anga, bambo awo a akazi anga, ataima kutsogolo kwa galimoto, boneti atatsegula, chala chawo chonyowa chili m'mwamba. Chikwatirireni mwana wawo anali asanandikwezerepo mawu. Amayi amene ndinabwera nawo kuchokera ku sadaka anali pakhonde akumwa thobwa, ndipo onse anaika makapu pansi.

Ine ndine munthu wa mtima wapachala, sindibisa. Munthu akandikuwa, pakamwa panga pamayankha mutu usanaganize.

"Wakuuzani ndani?" ndinatero. Sindinadikire yankho. Ndinatembenukira alamu anga, mwana wa mlongo wawo wa apongozi, amene anakwera nafe kuchokera kwa Kawinga, ndi kuwagwira malaya pakhosi. "Ndinu eti? Simungakhale ola limodzi pakamwa mutatseka?"

"Alamu, ndisiyeni! Ine ndakhala pompano ndi inu chifikireni. Ndalankhula nawo nthawi yanji?"

"Musiyeni mwanayo," anatero apongozi. "Wandiuza ndi uyu." Analoza lilime lawo. Analavula pansi, kenako anatchula liwu limodzi la Chiyao. "Njete." Ine Chiyao sindichidziwa bwino ngakhale ndakhala pakati pa Ayao zaka zonsezi, koma liwu limenelo ndinalidziwa. Mchere.

Anatambasula dzanja. "Makiyi."

Ndinawaponyera m'manja mwaukali. Anawaika m'thumba la mkanjo wawo, ndipo anayankhula motsitsa, zomwe zinandipweteka kuposa kukuwa kuja. "Mwina abale anga ankanena zoona. Mwina katundu wa munthu ayenera kupita kwa mwana wa mlongo wake basi. Mawa tikambirana."

Kuti mumvetse chimene chinali m'mawu amenewo, ndiyenera kukuuzani za galimotoyo.

Ndi yachijeremani, ya dizilo, yaitali, yotuwa ngati phulusa. Ndi yakale kuposa mwana wanga woyamba, amene pano ali pabanja. Apongozi anabwera nayo kuchokera ku Joni, kumene anagwira ntchito yoyendetsa bwana wina kwa zaka zambiri. Bwanayo atakalamba anawasiyira, iwo n'kuiyendetsa okha kudutsa ku Zimbabwe ndi ku Tete mpaka kufika nayo kuno ku Utale. Anthu akuluakulu amakumbukirabe tsiku limene inalowa m'mudzi.

Ndayendetsapo magalimoto ine. Ndinaphunzirira pa lole yonyamula thonje nditangomaliza Folomu 4, ndipo ndagwirapo mapikapu ndi timagalimoto ta masiku ano. Palibe yofanana ndi iyi. Chitseko chake sichilira ngati chitini. Chimangoti "dhu," pansipansi, phokoso la panja n'kutheratu. Mipando ndi yachikopa, ndipo kutsogolo kuli thabwa lenileni losalala, osati pulasitiki yopaka utoto. Mabampu imameza. Tsiku lina akazi anga ananyamula thireyi ya mazira pamiyendo kuchokera kwathu ku Phalula mpaka kunyumba, msewu wafumbi uja utakumbika ndi mvula, ndipo silinasweke ndi limodzi lomwe. Injini ikatentha bwino imalira ngati mphaka wokhuta. Ndikamayendetsa ndimakhala munthu wina. Ngakhale wa minibasi andipingase sinditukwana, chifukwa mkati mwa galimoto imeneyo kutukwana kumachititsa manyazi.

Maso a apongozi atayamba ng'ala, anandiitana kuti ndiziwayendetsa. Ine ndine Mkatolika, iwo Msilamu, koma Lachisanu lililonse ndinkawapititsa ku mzikiti, ine n'kukhala pansi pa mtengo kupukuta magalasi mpaka atuluke. Chaka choyamba tinkangokangana, kapena ndinene kuti ine ndinkakangana ndekha, iwo akundiyang'ana.

Anali ndi malamulo. Ukatembenuza kiyi, dikira kanyali kachikasu kazime kaye usanalize injini. Ikalira, isiye ipume mphindi zingapo, usaidzidzimutse. "Ndi nkhalamba ngati ine," ankatero. "Inuyo mungandidzutse n'kundithamangitsa pompo?" Oyilo ankamutikita pakati pa zala n'kununkhiza. Dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu ankamukana, ngakhale nthawi imene mafuta ankasowa. Ankalolera kuti galimoto ikhale mwezi m'shedi. M'shedimo munkagona mphaka, ndipo mphakayo ankadya usipa wabwino kuposa wanga, chifukwa ntchito yake inali yoletsa makoswe kutafuna mawaya. Makaniko wina wa pa Balaka anafuna kumanga paipi ndi mphira ya chubu. Apongozi anamuthokoza mwaulemu, n'kunditumiza ine mpaka ku Limbe kukasaka paipi yeniyeni m'magalimoto akufa.

Koma lamulo lalikulu linali la madzi.

Kuno kwathu mijigo yambiri madzi ake ndi amchere. Sopo sachita thovu, nyemba zimachedwa kupsa, tiyi amamveka ngati mankhwala. Tinazolowera, timamwa. Tsiku loyamba kundionetsa injini, apongozi anatuma mwana wawo kuti abweretse ketulo ya kukhitchini. Anandigwira dzanja n'kulilowetsa mkati.

"Mukumva chiyani?"

"Zokhakhala. Ngati laimu."

"Ameneyo ndi mjigo. Mu injini umu muli tinjira tating'ono kuposa mlomo wa ketuloyi. Tikatsekeka, palibe makaniko m'Malawi muno angatitsegule. Ndipo mchere umadya chitsulo mkati, inu kunja mukupukuta."

Choncho galimotoyo inkamwa madzi a mvula okha. Mvula yoyamba ndi yachiwiri ankazisiya zitsuke fumbi ndi zitosi pamalata. Kuyambira yachitatu ankatchera migolo iwiri yabuluu, ikadzaza n'kuvindikira, n'kukhoma loko. Ngakhale mjigo utawonongeka, palibe ankatungamo, ngakhale mwana wawo yemwe. Mu buti munkakhala kachigubu ka madziwo nthawi zonse. Ndipo galimoto ikabwera ku ulendo, ankaika dzanja pa boneti, kumvetsera injini ikuzizira, kenako n'kutsegula chivindikiro cha rediyeta, kuviika chala ndi kulawa. Poyamba ndinkaseka. Ndinkati ndi zaukalamba.

Alamu anga aja ali ndi timagalimoto tiwiri ta matola pakati pa Liwonde ndi Ntaja. Si munthu woipa, koma kwa iwo galimoto ndi bulu. Ankati akaiona iyi maso amawala. "Iyitu ikhoza kunyamula anthu naini," ankatero, "mbuzi ziwiri mu buti, matumba pamwamba." Ndipo mwa mwambo wa kwawo, chuma cha mwamuna chimapita kwa ana a mlongo wake, osati kwa mkamwini wochokera ku Phalula. Abale onse ankadziwa kuti galimotoyo idzakhala ya alamu.

Koma chaka china pa Idi, abale atadzaza pakhomo, apongozi ananena pamaso pa onse kuti galimoto idzatsala ndi ine. Kunali kung'ung'udza. Iwo anangoseka n'kundigwira phewa. "Ine kwathu ndi kwa Kawinga, pano ndine mkamwini. Awanso ndi akamwini. Munda ndi wa akazi, nyumba ndi ya akazi, mitengo ya mango ndi ya akazi. Chathu ife n'chimene chili ndi matayala." Kuyambira tsiku limenelo makiyi ankakhala pa msomali m'nyumba mwanga. Palibe munthu anandikhulupirirapo choncho, ngakhale bambo anga ondibereka, amene ankati mtima wangawu sindingasunge nawo ngakhale nkhuku.

Tsono tsiku la mkanganolo linali mu Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pamthunzi. Kwa Kawinga kunali sadaka ya m'bale wina amene anamwalira. Apongozi miyendo inali itatupa, ndiye anandituma kuti ndipititse amayi anayi a pakhomo. M'mawa ndinatulutsa kachigubu kaja mu buti kuti ndikadzaze ku mgolo apongozi akanditsegulira loko. Ndili pomwepo ndinaona kuti malaya anga oyera sanasitidwe. Ndinayamba phokoso. Akazi anga anandiyankha kuti makala anatha ndipo anandiuza dzulo. Ndinakuwa, iwo anakuwa, ndinavala malaya okwinyikawo, n'kuliza galimoto osadikira ngakhale kanyali kaja. Sindinayang'ane madzi, sindinayang'ane paipi. Kachigubu kanatsala pambali pa mgolo.

Popita tinayenda bwino. Pobwerera alamu anapempha kukwera nafe kuti akaone amalume awo. Tinawoloka Shire pa Liwonde, tinasiya tala, tinalowa msewu wafumbi. Titatsala pang'ono kufika, ndinaona singano ya kutentha ikukwera. Ndinaima. Kachitsulo komanga paipi kanali katakhwefuka, madzi akhala akudontha njira yonse. Chinthu choti ndikanachiona m'mawa ndi diso limodzi. Ndinakamanga, ndinatsegula buti, kachigubu mulibe.

Amayi anatuluka n'kukhala pansi pa mtengo wa masawu, akudzikupiza ndi zitenje. Alamu anayamba.

"Ndiye galimoto ya mabwana imeneyi? Zanga zija zimamwa chilichonse, ngakhale madzi otsukira mbale, koma sizinandigonekepo panjira."

"Khalani chete, alamu."

"Mjigo uwo uli apowo. Kapena tiitanitse madzi a m'botolo ku Blantyre? Kapena tipemphere mvula?"

Amayi anaseka. Kuseka kumeneko n'kumene kunandimaliza. Ndikanatha kutuma wa kabaza kukatenga kachigubu kunyumba, ola silikanakwana. Ndinaliganiza ndithu. Koma ndinaona alamu akukafotokozera anthu a ku Ntaja kuti mkamwini uja anaima padzuwa kudikira madzi a mvula mjigo uli pamphuno. Mjigo umenewo ndinkaudziwa bwino. Ngakhale ogula thonje ankabwera ndi madzi awo. Ndinapita n'kubwereka ndowa kwa mayi wina amene ankatunga.

"Bambo, awa ndi owawatu," anandichenjeza.

"Sindikuphikira tiyi, mayi."

Ndinadikira injini izizire, n'kuthira. Ndowa yonse inalowa. Singano inatsika, galimoto inayenda mwa ulemu wake womwe uja, ngati sindinailakwire. Ndinadziuza kuti mawa ndidzakhetsa mwakachetechete, palibe adzadziwe. Ndinaiwala chala cha apongozi.

Atanditengera makiyi ndinapita kuseri kwa nyumba yanga n'kukhala pa njerwa. Dzuwa linali litapendeka. Akazi anga anabwera atanyamula kachigubu kaja, n'kukaika patsogolo panga.

"Atenge galimoto yawoyo," ndinatero. "Ndowa imodzi yokha? Zaka zonsezi ndakhala ndikupukuta, ndikugona pansi pake, lero andikuwe pamaso pa azimayi ngati mwana? Ndibwerera kwathu ku Phalula."

"Pitani. Njinga ili apo, matayala ndi opopa."

"Mukundithamangitsa?"

"Iyayi. Ndikungokuuzani pamene pali njinga. Koma musananyamuke, tasuzumirani kushedi."

Ndinasuzumira pakona. Apongozi anali akupukuta galimoto ndi kansalu kawo, akupapasa ndi dzanja linalo chifukwa maso sankaona fumbi. Anayambira ku nyali, kutsata m'mbali, pang'onopang'ono, miyendo yotupa ija akuikoka. Ntchito imeneyo inali yanga. Alamu anali akuzungulira, akumenya matayala ndi nsapato. Anatsegula buti n'kuyeza ndi mikono. Kenako anatsegula chitseko cha kumbuyo, anasuzumira, n'kuchimenyetsa ndi mphamvu zonse monga amachitira pa siteji.

Ndinaona apongozi akudzidzimuka. Anaima, kansalu kali m'manja. Ine ndikanamenyetsa chitseko choncho akanandiphunzitsa sabata yathunthu, koma kwa alamu sanataye mawu. Pamenepo ndinazindikira kuti munthu amene anandikuwa uja anandikuwa chifukwa ankayembekezera kanthu kwa ine. Ndinaonanso galimoto ija ili pa siteji ya ku Ntaja, mipando yachikopa itang'ambika, mbuzi zikukodzera mu buti, bampa atamanga ndi waya. Mkwiyo wanga unali ukadalipo, koma unasowa woti ulunjike kupatula ine ndemwe.

"Madzi a mvula atsala ochuluka bwanji?" ndinafunsa akazi anga.

"Mgolo umodzi ndi wouma. Winawo uli pansi penipeni."

Sakanakwana kutsuka injini. Apongozi anandiuzapo kale kuti mchere ukalowa, kukhetsa kokha sikuthandiza, umafunika kutsukuluza kangapo. Anatinso madzi a mvula akasowa, a mu Shire ndi abwino, bola kuwasefa.

M'mawa mwake, atangoitana mapemphero a mbandakucha ku mzikiti, ndinamanga zigubu ziwiri zikuluzikulu panjinga. Rivirivi inali mchenga wokhawokha, ndiye ndinalunjika ku Shire. Ndi mtunda ndithu kwa munthu wa mimba ngati yanga, amene anazolowera mpando wachikopa. Padooko ndinapeza amayi akuchapa. Anandiyang'ana, anayang'anana.

"Si bambo a galimoto yaitali ija awa? Mayi akudwala kodi?"

"Ali bwino."

"Ndiye mwalakwa chiyani kuti akutumeni kumadzi?"

Anaseka mpaka wina anagwetsa sopo. Mawu anafika pakhosi, otentha, okonzeka. Ndinawameza. Ndinapinda buluku, ndinalowa mpaka m'mawondo pamene madzi akuyenda, ndinatapa ndi dzanja n'kulawa. Analibe mchere. Ndinadzaza zigubu.

Pobwerera njinga sinkakwereka pamchenga, ndinkakankha. Anyamata a kabaza pa mphambano anandikuwiza kuti, "Bwana, dizilo watha?" Mmodzi ndinamuyankha, sindinama, ndipo mawu ake sindingawalembe pano. Koma zigubu sindinazisiye.

Ndinafika dzuwa litakwera, malaya atamatirira pamsana. Apongozi anali pampando wawo pakhomo pa shedi. Alamu anali pambali, atasamba kale, chikwama chili pamiyendo, ngati munthu amene akudikira kuyendetsa. Sindinapereke moni kwa alamu. Kwa apongozi ndinagwada pang'ono n'kuwafunsa mmene adzukira, iwo anayankha mwachidule.

Ndinatenga malaya oyera aja, omwe anayambitsa zonse, n'kuwamanga pakamwa pa ndowa. Ndinasefa madzi kawiri. Ndinayala thumba pansi, ndinalowa kunsi kwa galimoto, n'kumasula kabawuti ka pansi pa rediyeta. Madzi a mjigo anatuluka ofiirira, n'kundithira m'khwapa. Nditamanga ndinathira a mu Shire mpaka kudzaza.

Apa ndiye panali povuta. Kuti madzi azungulire mu injini monse, injini iyenera kulira. Makiyi anali m'thumba la mkanjo. Ine chibadwire kupempha kumandivuta kuposa kukankha njinga pamchenga. Ndinaima pamenepo ndikupukuta manja amene anali ouma kale.

"Bambo," ndinatero. "Ndinalakwa. Kachigubu ndinakasiya chifukwa cha mkwiyo, ndipo mjigo uja ndinkaudziwa. Palibe anandikakamiza. Ndikupempha makiyi kuti nditsukuluze."

Alamu anatsokomola. "Amalume, paja munati lero tikambirana."

"Ndamva, mwanawe. Dikira." Anatembenukira kwa ine. "Madzi mwatenga kuti?"

"Ku Shire."

"Pa chiyani?"

"Panjinga."

"Ndi mimba imeneyo?" Anatambasula dzanja, ndinawapatsa kapu. Analawa, anagwedeza mutu, n'kutulutsa makiyi.

Ndinakhala pampando, ndinatembenuza kiyi, ndinadikira kanyali kachikasu mpaka kanazima. Injini inalira. Ndinaisiya itenthe, ndinazimitsa, tinadikira izizire, ndinakhetsa. Apongozi anatchera chala pa madzi otulukawo.

"Njete," anatero.

Ndinathiranso, ndinalizanso, ndinakhetsanso. Alamu anayamba kuyang'ana wotchi ya pafoni.

"Ikadalipo, koma yatopa," anatero apongozi atalawa kachiwiri.

Kachitatu nditamasula kabawuti, sanatambasule dzanja. Anangokhala, manja ali pa ndodo.

"Lawani nokha, akamwini. Lilime langali silikhala pano mpaka kale."

Ndili chigonere pansi pa galimoto, ndinatchera chala n'kuika pakamwa. Ndinamva chitsulo, ndinamva kafungo ka mtsinje. Ndinalawanso kuti nditsimikize.

"Mulibe," ndinatero.

Sanafune kutsimikiza. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kakiyi kena kakang'ono, ka loko wa mgolo, kamene anali asanandigwiritsepo. "Kathireni a mvula. Mukamaliza, makiyi onse awiri mukakoleke pa msomali wanu uja." Kenako anatembenukira kwa alamu. "Iwe, ukafuna kufika pa tala, awa akuperekeza. Koma chitseko akutsekere ndi iwo."

Ndinapendeketsa mgolo, madzi a mvula otsalawo anakwana rediyeta ndi kachigubu, n'kutsala pang'ono pansi. Kachigubu ndinakaika mu buti ndisanachite china chilichonse. Kenako ndinatsegulira alamu chitseko cha kumbuyo, analowa ndi chikwama chawo, ndipo ndinachikankha ndi zala ziwiri mpaka chinati "dhu."